Dongo la M'jumbo

Amayi anga ankaumba mbiya. Mudzi wathu uli kuseri kwa Nachisaka, kumene msewu wafumbi umayamba kukwera molunjika mapiri a Ntchisi, ndipo m'midzi ya kumeneko makomo ambiri anali ndi mtsuko kapena mphika wotuluka m'manja mwawo. Dongo ankakumba kudambo, kumunsi kwa munda wa amalume. Ankalisinja, kulisakaniza ndi mapale akale opera, kulifunditsa masamba a nthochi, kenako n'kukhala pansi kuseri kwa khitchini atatambalala. Zida zawo zinali chitsononkho, chigoba cha nkhono, ndi kamwala kosalala kokulungira kamene timati nkhulungo.

Ine sindinaphunzire. Bambo anga anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, ndipo atamwalira amayi anagwiritsa mawu awo akuti mwana woyamba asasiye sukulu. Ndikayandikira pamene akuumba ankandithamangitsa.

"Manja akowo ndi a cholembera. Pita ukawerenge."

Kunena zoona, sindinkakakamira. Ndinkachita manyazi anzanga a kusekondale akatipeza pamsika, amayi atakhala pakati pa miphika yawo. Ndinkaima chapatali ngati munthu wodutsa. Ntchito yanga inali yongosenza dongo kuchokera kudambo nthawi ya tchuthi, ndipo ndinkasenza ndikung'ung'udza njira yonse. Mng'ono wanga nayenso sanaphunzire. Pamene ankakula n'kuti zidebe za pulasitiki ndi mapoto zitadzaza m'magolosale, ndipo amayi sanaone chifukwa chomuvutitsira.

Nditamaliza sukulu ndinagwirako ntchito ya muofesi pa boma la Ntchisi. Kenako mwayi unapezeka wopita ku Ireland kukasamalira okalamba, ndipo ndinapita. Ntchito yake inali kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Tsiku lonse manja ankakhala m'magolovesi. Ndikaweruka ndinkabwerera m'kachipinda kamene ndinkachita lendi pamwamba pa nyumba ya anthu ena, kokhala ndi bedi, katebulo ndi zenera loyang'ana kumpanda wa njerwa.

Amayi analibe foni yoonetsa nkhope. Koma pamalo amalonda a pafupi ndi kwathu pali golosale ya banja lina lachisilamu, ndipo mayi wa pagolosaleyo anali mnzawo wa amayi kuyambira kale. Mtsuko wa madzi akumwa umene umakhala kuseri kwa kauntala yawo anaumba ndi amayi. Mnzawoyo ndi amene anali ndi foni yotero, ndipo anavomera kuti Loweruka lililonse amayi azibwera kudzalankhula nane. Amayi ankayenda pafupifupi ola lathunthu, n'kudzakhala pa thumba la mchere pafupi ndi khomo pamene netiweki imagwira bwino.

Chaka chachiwiri, nyengo yozizira itayamba, ndinaona kuti amayi ankagwira foni ndi dzanja lamanzere, lamanja atalibisa m'chitenje. Nditawafunsa anati n'kuzolowera chabe. Ndinaimbira mng'ono wanga.

"Achemwali, amayi anasiya kuumba," anatero. "Dzanja likunjenjemera. Tinapita nawo kuchipatala cha pa boma, anawapatsa mapilitsi, koma palibe chimene chikusintha. Mtsuko womaliza anauphwanya okha usanaume. Anati wapindika."

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukanatani muli kumeneko?"

Ndinatumiza thandizo monga ndinkachitira mwezi ndi mwezi, koma ndinkadziwa kuti silikhudza dzanjalo. Masiku otsatira ndinayamba kuchita chinthu chimene sindinachitepo. Ndikamasambitsa gogo wina, ndinkapezeka ndikuganiza za mmene amayi ankakokera khoma la mphika m'mwamba, ndipo ndinkalephera kukumbukira kuti dzanja liti linkakhala mkati. Ndinaona zimenezo kambirimbiri, koma sindinaziyang'anepo. Ndinafuna dongo. Sindinaganize kuti ndidzatani nalo. Ndinkangofuna kuligwira.

Kwathu dongo safunsa kuti amagulitsa kuti. Kumeneko ndinayamba n'kufunsa mnzanga wa kuntchito, ndipo ananditumiza kusitolo ya zamaluwa. Ndinakwera basi mpaka kunja kwa tauni. Mnyamata wogulitsa anandionetsa matumba a nthaka yakuda yodzalira maluwa, yopepuka ngati gaga. Nditafotokoza kuti ndikufuna lomata, loumbira, anandiuza kuti ndipite kusitolo ya zomangira nyumba. Kumeneko anandionetsa simenti ndi mankhwala omatira ming'alu. Mayi wina amene anamva ndikufunsa anandilondolera kusitolo ya zidole za ana, kumene ndinapeza tizidutswa tofiira, tobiriwira ndi tachikasu, tonunkhira ngati switi. Tsiku langa lopuma linathera m'mabasi, ndipo ndinabwerera chimanjamanja.

Pafupi ndi kumene ndinkakhala kunali paki yokhala ndi kamtsinje. M'mphepete mwake ndinaona dothi lotuwa lofanana ndi la kudambo kwathu. Tsiku lina masana ndinatenga supuni yaikulu ndi jumbo, n'kukagwada pamenepo. Ndinali nditangokumba pang'ono pamene bambo wina wachikulire woyenda ndi galu anaima kumbuyo kwanga.

"Mwataya chinthu, mayi?"

Chilolezo changa chokhala m'dzikomo chinali chomangirira ku ntchito, ndipo sindinkadziwa ngati kukumba m'paki ndi mlandu kapena ayi. Ndinabisa supuni m'jekete.

"Ndolo," ndinatero. "Yagwera apa."

Bamboyo anamangirira galu wake pabenchi, anavala magalasi, n'kugwada pambali panga pa udzu wonyowa. Tinafunafuna ndolo imene kunalibe kwa nthawi yaitali ndithu. Ankapatula udzu ndi zala mosamala, akundifunsa ngati inali yagolide, ngati inali yamphatso. Pomaliza anapepesa kuti sitinaipeze. Ndinathokoza, ndinakwirira kadzenje kaja ndi phazi, ndipo sindinapitenso kupakiko.

Patapita masabata ndinapeza sitolo yogulitsa penti ndi maburashi a anthu ojambula. Mtsikana wa m'sitolomo anandipatsa chinthu cholemera chokutidwa m'pulasitiki, nati ndi dongo louma lokha, losafuna moto. Linali loyera ngati ufa. Ndinayala nyuzipepala patebulo n'kuumba kamphika kongokwana m'manja awiri, kokhotakhota. Ndinakaumika pafupi ndi chitsulo chotenthetsera m'chipinda. Katauma ndinathiramo madzi kuti ndione ngati kakudontha, n'kupita kukachapa. Pobwera ndinapeza phala loyera likuyenderera patebulo mpaka pakapeti ya eni nyumba. Pa pepala lake analembapo kuti dongolo silifuna madzi, koma ndi tizilembo ting'onoting'ono timene sindinawerenge.

Za sukulu youmba ndinaziona pa bolodi la zidziwitso ku laibulale. Ndinaimba foni. Anandiuza kuti malo adzaza, ndipo analemba dzina langa pa mndandanda wa odikira. Ndinadikira miyezi iwiri. Malo atapezeka anali a Lachiwiri madzulo, koma ndandanda yathu ya ntchito inkasintha sabata ndi sabata. Ndinapita kwa akulu a pantchito kukapempha kuti Lachiwiri ndiziweruka msanga.

"N'zabwino kuti mwapeza chochita," anatero akumwetulira. "Koma ndikakupatsani inu, ndipatsa aliyense. Kambiranani ndi anzanu."

Palibe amene anafuna kusinthana nane Lachiwiri. Malo aja anapatsidwa kwa wina. Ndinadikiranso, mpaka anandiimbira kuti pali malo Loweruka m'mawa. Apa ndinapeza mnzanga amene anavomera kutenga Loweruka langa ine n'kutenga Lamlungu lake. Ndiye kuti kutchalitchi ndinasiya kupita. Amayi sindinawauze zimenezo.

Sukuluyo inali m'nyumba yakale yosungiramo katundu, ulendo wa mabasi awiri. Mphunzitsi anali mayi wa imvi, wovala ovololo yothimbirira, wolankhula mofatsa. Ophunzira anzanga ambiri anali anthu opuma pantchito. Dongo linali m'majumbo osanjikizidwa pakhoma ngati njerwa, ndipo ankalidula ndi kawaya. Nditaligwira koyamba ndinadabwa. Munalibe kamwala, muzu, ngakhale kamchenga. Linali lozizira, losalala, lopanda fungo la dambo. Komabe linali dongo, ndipo ndinakhala nalo m'manja nthawi yaitali osachita nalo kanthu.

Tsiku loyamba aliyense ananena chimene chinamubweretsa. Ine ndinati amayi anga amaumba miphika kwathu ku Malawi. Mphunzitsi anasangalala kwambiri, n'kundifunsa mafunso ambiri: mmene amaotchera, nkhuni zake, nthawi yake. Ndinayankha zimene ndinkakumbukira, zina ndinangoganizira.

Masabata awiri oyamba tinaphunzira pa gudumu lamagetsi limene limazungulitsa dongo. Kwa ine linali lothamanga kwambiri. Dongo linkathawira kumbali, kundimwazira matope kumaso. Sindinadandaule kwenikweni, chifukwa si zimene ndinabwerera. Sabata lachitatu mphunzitsi anati tiumba ndi manja okha, opanda gudumu.

"Lero tili ndi mwayi," anatero akuyang'ana ine. "Pakati pathu pali munthu amene anakulira m'ntchito imeneyi. Mungationetseko mmene amachitira amayi anu?"

Ndikanakana. Koma anthu anali atasendeza kale mipando, ena atatulutsa mafoni. Ndinatenga chibuma cha dongo, ndinachiboola pakati ndi nkhonya monga ndinkaonera amayi akuchita, n'kuyamba kukoka khoma m'mwamba. Mbali ina inakwera, ina inatsalira. Ndikakonza kuno, uko kunkang'ambika. Ndinathira madzi, dongo linalobodoka, ndipo chonsecho chinakhala pansi ngati chipewa chopondedwa.

"Sindinaphunzire," ndinatero. "Ndinkangosenza."

Mphunzitsi anati palibe kanthu, nauza anthu kuti abwerere m'malo awo. Anationetsa njira yake, yoyamba ndi kupanga chipansi chafulati kenako n'kumasanjikiza timizere ta dongo tofulungidwa ngati njoka. Tikuweruka anandiitanira pambali.

"Amayi anu alipo?"

"Alipo."

"Bwanji osawaimbira muli muno? Akuphunzitseni eni ake. Inenso ndingakonde kuona."

Ndinakonza zonse kudzera kwa mayi wa pagolosale. Nyengo imeneyo kwathu kumakhala kutsogolo ndi maola awiri, ndiye nthawi ya phunziro lathu inali masana kwawo. Koma inali nthawi ya dzinja. Loweruka loyamba mvula inagwa usiku wonse, kamtsinje ka pakati pa mudzi wathu ndi golosale kanadzaza, amayi sanawoloke. Ndinakhala ndi foni yotsamiritsidwa ku chidebe cha madzi mpaka phunziro linatha. Loweruka lachiwiri magetsi anali atazima masiku awiri, foni ya pagolosale inalibe moto.

Loweruka lachitatu zinatheka. Mayi wa pagolosale anagwira foni, amayi atakhala pa thumba lawo lija, chitenje chanyowa m'mapewa. Ndinawaonetsa chipinda, magudumu, majumbo a dongo, ndi mphunzitsi amene anawagwedezera dzanja. Amayi anayang'ana zonsezo.

"Ndiye unapita kutali konseko kukaumba mbiya?" anafunsa.

"Ayi amayi, n'zapambali chabe. Ndikufuna mundionetse."

"Bambo ako akanakhalapo akanati chiyani?"

Mayi wa pagolosale anaseka. "Muonetseni mwanayo, amayi. Wafuna yekha."

Amayi anasendera pafupi ndi foni mpaka ndinkangoona diso ndi mphuno. "Tabweretsa dongolo ndilione. Litsine. Liike padzino."

Ndinaliika padzino. Ophunzira anzanga anasiya ntchito zawo n'kumandiyang'ana.

"Likulumika mchenga?"

"Ayi. Lili ngati sopo."

"Ndiye ndi laliwisi limenelo. Mulibe mapale kumeneko? Upere mapale usakanize. Popanda mapale lidzaphulika pamoto."

Ndinamasulira kwa mphunzitsi. Anagwedeza mutu mwachimwemwe, napita kukatenga kathumba ka ufa wa miphika yopera, wogula kusitolo. Amayi atamva kuti ngakhale mapale amachita kugula, anayang'ana mnzawo uja.

Ndinakanda, ndinaboola pakati, ndinayamba kukoka.

"Waimiriranji? Munthu amaumba ataimirira?"

"Kuno timaumbira patebulo, amayi."

"Khala pansi."

Ndinakhala pansi pa simenti yozizira, n'kutsitsa foni. Munthu wina analowa m'golosale kudzagula mafuta ophikira, ndipo kwa kanthawi ndinkangoona denga la malata, ndikumva akuyeza mafuta. Foni itabwerera, khoma langa linali litayamba kale kupendekera.

"Dzanja lamanzere lili kuti? Likhale mkati. Ayi, osati choncho. Usakankhe. Lizingotsatira."

"Litsatire chiyani?"

"Litsatire linzakelo. Ukumva pamene papyapyala?"

"Sindikumva."

"Pamenepo, pamene pali chala chakocho. Ukuona ndi maso, n'chifukwa chake. Usayang'ane."

Ndinatseka maso. Sindinamve chilichonse kupatula kuzizira. Nditatsegula, chithunzi chinali chitaima, amayi atayasamula pakamwa, dzanja lili m'mwamba. Netiweki itabwerera ndinaona kuti atulutsa dzanja lamanja m'chitenje ndipo akuyesa kundionetsa m'malere mmene zala zimapindikira. Linkanjenjemera kwambiri moti sindinathe kuona chimene akuonetsa. Iwo analiyang'ana, n'kulibweza m'chitenje.

"Zimenezi sizinenedwa pakamwa," anatero. "Mayi anga anangondigwira dzanja. Ukanakhala pano ndikanakugwira."

Mvula inayamba kugunda pamalata a golosale, mawu osamvekanso. Mayi wa pagolosale anakuwa kuti amayi anyamuke kamtsinje kasanadzaze, ndipo foni inaduka. Ndinatsala pansi pa simenti ndi chinthu chosaoneka mutu wake pakati pa miyendo. Mphunzitsi anandibweretsera tiyi, osandifunsa zimene amayi ananena.

Ndinaganiza kuti mwina vuto ndi zida. Ndinamva kuti munthu wina wa ku Dowa amene ankagwira ntchito m'tauni yoyandikana nafe wapita kumudzi ndipo abwerera posachedwa. Ndinapempha mng'ono wanga kuti amupatsire nkhulungo ya amayi, chigoba cha nkhono, ndi kadongo ka kudambo kwathu ngakhale kodzaza m'manja. Mng'ono wanga anakwera njinga yamoto m'matope mpaka kukamupeza. Munthuyo dongo anakana, nati dothi salola kulowa nalo m'dziko la eni ndipo sangaike ntchito yake pachiswe. Ankanena zoona. Chigoba anakananso. Kamwala anavomera, koma chikwama chake chitalemera pabwalo la ndege, anachotsa zinthu zina n'kusiyira achibale ake amene anamuperekeza, ndipo kamwalako kanali m'gulu la zotsalazo. Ndinaimba kangapo. Achibalewo anati afufuza. Kenako anati mwina ana anakataya, poti kanali kamwala chabe. Amayi anagwiritsa ntchito nkhulungo imeneyo kuyambira ndisanabadwe. Nditawauza anangoti, "Ndikanatani nayonso."

Pofika kumapeto kwa maphunziro ndinaumba kamphika kamodzi kamene kanaima. Ndinatsatira njira ya mphunzitsi ya timizere, chifukwa ya amayi inandikanika. Ndinakasalaza ndi kumbuyo kwa supuni. Ndinafunsa ngati ndingakaotche panja ndi nkhuni ndi makungwa monga kwathu. Mphunzitsi anati iyenso amalakalaka atatero, koma malamulo a tauni salola kusonkha moto panja. Ndinakasiya pashelefu pamodzi ndi makapu a anzanga, n'kulemba chizindikiro pansi pake. Anakaotcha m'ng'anjo yamagetsi ine kulibe.

Kanatuluka kathunthu, kotuwa mofanana paliponse, kopanda mawanga akuda amene moto wa nkhuni umasiya. Loweruka lotsatira ndinakaonetsa amayi pafoni.

"Kagogode ndimve."

Ndinakagogoda ndi chala pafupi ndi foni.

"Sindikumva. Gogodanso."

Ndinagogoda ndi supuni. Mayi wa pagolosale anaika foni kukhutu kwa amayi. Amayi anamvetsera atatsinzina.

"Foniyi ikungoti thethethe. Sindingadziwe ngati kapsa."

Maphunziro atatha, mnzanga amene tinkasinthana masiku anasamukira kwina, ndipo Loweruka langa linabwerera kuntchito. Kusitolo ya ojambula kunali dongo lenileni ndithu, mphunzitsi anandiuza dzina lake loti ndizifunsa, koma popanda ng'anjo linalibe ntchito, ndipo eni nyumba anali atandichenjeza kale za kapeti.

Tchuthi ndinachipeza mwezi wa Okutobala, masabata atatu. Masiku oyamba anathera ku Lilongwe kukonzetsa mapepala, ena kukapepesa maliro amene anachitika ine kulibe. Pamene ndinakhazikika pakhomo n'kuti kutatsala masiku khumi ndi awiri. Amayi anali ataonda, ndipo tsopano mutu nawonso unkagwedezeka pang'ono. Kudambo sakanatha kutsetsereka. Tinapita ine ndi mng'ono wanga. Tinapeza mwana wa amalume atalima dimba la tomato pamalo paja, dzenje analikwirira. Anatilola kukumba m'mphepete mwa mpanda. Tinakumba malo atatu tisanapeze dongo, ndipo tinatengako pang'ono paliponse kuti amayi akasankhe. Anaika padzino lililonse, awiri analavula, lachitatu anati, "Ili."

Ndinasinja, ndinapera mapale, ndinakanda. Ndinkafuna kuumba tsiku lomwelo, koma amayi anati dongo ligone masiku atatu m'masamba. Ndinawauza kuti masiku anga ndi owerengeka.

"Dongo silidziwa za ndege yako," anatero.

Tsiku lachinayi tinakhala kuseri kwa khitchini. Amayi anakhala kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri moti ndinkamva mpweya wawo pakhosi. Anaika dzanja lawo lamanzere pa langa lamanzere mkati mwa mphika. Lamanja anayesa kuliika pa langa lamanja, koma kunjenjemera kwake kunkadutsa m'dzanja langa mpaka kukhoma, n'kusiya timafunde. Anayesa katatu. Kenako analichotsa n'kulikhalira.

"Lakunjalo udziwa wekha."

Tinaumba choncho, theka la ntchito akunditsogolera, theka lina ndikungopapasa. Panali nthawi imodzi, yaifupi, pamene chala chawo chinakankha changa ndipo ndinamva kuti apa m'pochindikala, apa m'popyapyala. Ndinati, "Ndamva." Iwo anati, "Pitiriza." Patangopita kanthawi ndinatayanso, ndipo sindinawauze. Dzuwa likupendeka tinali ndi mtsuko waung'ono, wa khosi lopendekera mbali imodzi. Amayi anauzungulira ndi maso.

"Ukanabwera zaka khumi zapitazo," anatero. Kenako anati, "Komanso ndine ndinkakuthamangitsa."

Mtsuko umafuna kuuma pang'onopang'ono pamthunzi, masabata awiri kapena kuposa. Ine ndinali ndi masiku asanu ndi awiri. Ndinapempha kuti tiuike padzuwa. Amayi anakana, nati ung'aluka. M'mawa uliwonse ndinkapita kukaugwira m'khitchini, ndipo m'mawa uliwonse unali wozizirabe, kusonyeza kuti madzi akadalimo. Tsiku lonyamuka ndinaugwira komaliza njinga yamoto ikundidikira panja, n'kupita.

Anauotcha mng'ono wanga, amayi atakhala pampando akumuuza poika makungwa. Ine tsiku limenelo ndinali kuntchito, foni ili m'kabati monga mwa lamulo. Poweruka ndinapeza chithunzi chimodzi chosaoneka bwino, cha utsi ndi miyendo ya munthu. Loweruka lake ndinaimba nthawi yopuma masana, nditaima pakhonde la kumbuyo pafupi ndi mabini a zinyalala.

"Wapsa," anatero amayi. "Sunaphulike."

"Ukusunga madzi?"

"Ukudontha pansi. Pamene unalumikiza chipansi sunatsindire bwino. Ndinaona tsiku lomwelo, koma dzanja loti ndikonzere ndinalibe."

Belu la m'chipinda cha gogo wina linayamba kulira mkati.

"Ndaikamo mbewu ya mtedza," anatero. "Mbewa sizilowa. Pita, akukuitana."